Nyanja iyi ndi ya yani? Zimene Mbenji ingatiphunzitse pa ubale wa mayiko

Anzathu ambiri sanathe kufika pa msonkhano wa Loweruka chifukwa cha mvula ija, ndiye tinapempha mlendo wathu, amene anali membala wa kalabu ino asanapite kukaphunzitsa ku sekondale, kuti atilembere zimene analankhula. Nazi, werengani mpaka kumapeto ndipo mutumizirenso ena.

Zikomo a tcheyamani. Ndipereke ulemu kwa a mfumu amene atilola kukumana pano, akuluakulu a komiti ya pa doko, makolo amene mwabwera kudzatimvera, ndi inu achinyamata anzanga. Asalaam aleikum, mtendere ukhale nanu nonse.

A tcheyamani atandiimbira foni kuti ndidzalankhule za ubale wa mayiko, mabungwe akuluakulu a pa dziko lapansi ndi ntchito ya akazembe, ndinawafunsa kuti, kodi anthu sadzagona? Iwo anati, "Ukawagoneka, chakudya cha masana sudya." Ndiye ndiyesetsa.

Ndiyambe ndi funso. Nyanja iyi, imene tasambamo chibadwire, ndi ya yani? Ndamva wina kumbuyoko akuti ndi ya Mulungu, ndipo sindingatsutse. Wina akuti ndi yathu, dzina lake lomwe likunena. Koma mukakwera basi mpaka ku Songwe n'kuwoloka mlatho, mukapeza mwana wa sukulu wa ku Kyela akuitchula kuti Nyasa, ndipo mapu a m'kalasi mwake aika malire pakati pa madzi. Mukapita ku Metangula akakuuzani kuti ndi Lago Niassa. Madzi ndi amodzi, mayina atatu, maboma atatu. Zonse zimene ndilankhule lero zili m'funso limeneli.

Tiyambire pa zimene tonse tikuzidziwa. Chaka chilichonse, mvula ikayamba cha mu Disembala, chilumba cha Mbenji chimatsekedwa, ndipo sichitsegulidwa mpaka cha mu Epulo. Pa nthawi imeneyo palibe woponya chilimira kumeneko. Chikatsegulidwa pa mwambo wa ku Chikombe, kumabwera asodzi ochokera ku Nkhotakota, ku Likoma, ku Nkhata Bay, ku Mangochi. Atonga, Ayao, Achewa, Asilamu ndi Akhristu, aliyense ndi chilankhulo chake ndi njala yake. Koma onse amadziwa kuti pa chilumba palibe mowa, palibe chamba, palibe juga, ndipo pali maukonde amene saloledwa. Dongosolo limeneli lakhalapo kuyambira zaka za m'ma 1950, ndipo n'chifukwa chake utaka wa ku Mbenji mpaka lero umatchuka ndi kukula kwake pamene malo ena nsomba zikutha. Ofufuza a m'mayunivesite amabwera kuchokera kutali kudzafunsa kuti timatha bwanji.

Nanga n'chiyani chimachititsa kuti anthu ambirimbiri osiyana chonchi amvere? Mbali ina n'chifukwa aliyense amaona phindu lake: ukapirira miyezi inayi, udzakolola. Koma tisanamizane, mbali ina ndi yoti pali a Senior Chief Makanjira ndi komiti yawo. Wophwanya lamulo amaitanidwa ku bwalo, amalipitsidwa, ndipo akhoza kuthamangitsidwa pa chilumba.

Tsopano tayerekezani kuti mawa mwadzuka, mfumu kulibe, komiti kulibe, apolisi kulibe, a Fisheries kulibe. Mwini boti aliyense ndi mfumu ya boti lake. Wina ali ndi mabwato awiri, wina ali ndi injini khumi ndi alovi makumi asanu. Ndani angauze wa injini khumiyo kuti lero usalowe m'madzi?

Anzanga, mmene ndafotokozeramu ndi mmene mayiko alili. Bungwe la United Nations lili ndi mayiko 193, ndipo lililonse ndi mfumu pa lokha. Ndicho chimene timatcha ufulu wodzilamulira, umene ife tinaulandira pa 6 Julayi 1964. Pamwamba pa mayiko palibe gogo chalo. Palibe polisi amene angamange dziko n'kukalitsekera m'chitokosi. Ndiye kuti anthu asamaphane tsiku ndi tsiku chifukwa cha madzi, malire ndi malonda, mayiko amadalira zinthu zitatu: mapangano olembedwa, mabungwe okumaniranamo, ndi anthu otumidwa kukalankhula, amene timawatcha akazembe. Tizione chimodzichimodzi, nyanja yathu yomweyi ikhale chitsanzo.

Choyamba, pangano. Pa 1 Julayi 1890, Britain ndi Germany anasainirana chikalata ku Berlin. Britain anapereka kwa Germany kachilumba kotchedwa Heligoland, kamene kali m'nyanja yozizira ya kumpoto kwa Ulaya, ndipo Germany anavomera kuti Zanzibar ikhale m'manja mwa Britain. M'chikalata chomwecho anagawana malire a madera amene ankalamulira kuno ku Africa. Pofika pa nyanja yathu, analemba kuti malire a dera la Germany, limene lero ndi Tanzania, azitsata gombe mpaka pa mathiriro a mtsinje wa Songwe. Kunena kwina, Mjeremani anathera pa mchenga, madzi anatsala mbali ya kuno. Pa tebulo limenelo panalibe Mnyanja, Mtonga, Mnyakyusa kapena Myao ngakhale mmodzi. Koma pepala limenelo ndi limene dziko la Malawi limagwiritsa mpaka lero ponena kuti kumpoto nyanja yonse ndi yathu.

Mbali ya Mozambique nkhani inayenda mosiyana. Mapiri amene timawaona kutsidya kukacha bwino, ena ndi a Mangochi, ena ndi a Mozambique. Mu 1954, Britain ndi Portugal anagwirizana zosuntha malire kuwachotsa pa gombe n'kuwaika pakati pa nyanja, koma zilumba za Likoma ndi Chizumulu zinatsalabe kuno. N'chifukwa chake Likoma ndi Malawi ngakhale yazunguliridwa ndi madzi a Mozambique. N'chifukwa chakenso msodzi wa kuno akathamangitsa nsomba kulowera kuvuma mpaka kupyola pakati, amakhala walowa m'dziko la eni, ngakhale pa madzi sipaoneka mzere kapena chipilala.

A ku Tanzania amati chiyani? Tiwamvere, chifukwa amene samva mbali ya mnzake sangapambane mlandu. Iwo amati pa dziko lapansi, nyanja kapena mtsinje ukakhala pakati pa mayiko awiri, mwachizolowezi malire amadutsa pakati. Amati pali mapu ena a nthawi ya atsamunda oonetsa mzere wa pakati. Amatinso, kodi mayi wa ku Mbamba Bay akatunga madzi pa gombe la kwawo, wawoloka malire? Ife timayankha kuti chizolowezi chimagwira ntchito pamene palibe pangano, ndipo apa pangano lilipo. Timawakumbutsanso kuti mu Julayi 1964, atsogoleri a Africa atakumana ku Cairo, anagwirizana kuti dziko lililonse lilemekeze malire amene linawapeza polandira ufulu, ndipo mmodzi mwa amene analimbikitsa mfundoyo anali Julius Nyerere mwiniwake.

Mkanganowu unabuka poyera mu 1967, pamene boma la Tanzania linalembera boma la Malawi kuti silivomereza malire a pa gombe. Inali nthawi yoti Dr Banda ndi Nyerere sankamwerana madzi. Nduna zina zimene zinathawa kuno pa chisokonezo cha 1964, monga Kanyama Chiume, zinalandiridwa ku Tanzania, ndipo mu 1967 momwemo Malawi anatsegula ubale wa ukazembe ndi boma la tsankho la South Africa, limene Nyerere ankalimbana nalo. Patapita zaka nkhani inazizira, koma mlandu suola. Mu 2011 boma lathu linapatsa kampani ya ku Britain yotchedwa Surestream chilolezo chofufuza mafuta pansi pa nyanja chakumpoto. Mu 2012 Tanzania anati, imani kaye, madzi amenewo theka ndi athu. Amene munali aakulu pa nthawiyo mukukumbukira mmene mawayilesi ankalankhulira. Ena ankatchula nkhondo.

Apa ndiye tafika pa chinthu chachiwiri, mabungwe. Banja likavuta sitithamangira ku khoti, timayamba taitana ankhoswe. Mayiko awiriwa onse ndi mamembala a SADC, bungwe la mayiko 16 a kum'mwera kwa Africa limene likulu lake lili ku Gaborone. Linayambika ku Lusaka mu 1980 ndi dzina loti SADCC, Malawi ndi Tanzania ali m'gulu la oyambitsa, ndipo linasintha kukhala SADC mu 1992. Kumapeto kwa 2012 mayiko awiriwa anagwirizana kutula nkhaniyi kwa atsogoleri opuma a m'chigawo chino. Anatsogolera anali Joaquim Chissano wa ku Mozambique, mothandizana ndi Thabo Mbeki wa ku South Africa ndi Festus Mogae wa ku Botswana. Mbali zonse zinapereka zikalata zake. Koma pa zokambirana za ku Maputo mu Malichi 2014, anabalalika osamvana. Malawi ankati tiyambe tamanga mfundo yoti nyanja ndi ya yani, Tanzania ankati tikambirane pamene mzere udutse. Mpaka lero nkhaniyi sinathe.

Wina afunsa kuti, nanga bwanji osapita ku khoti? Khoti lilipo. Limatchedwa International Court of Justice, lili mumzinda wa The Hague ku Netherlands, ndipo lili ndi oweruza 15. Koma kumbukirani dziko lopanda mfumu lija. Khoti limeneli silingaweruze dziko limene silinavomere kuweruzidwa. Malawi anasaina mu 1966 kuti amavomereza mphamvu za khotili, koma Tanzania sanasaine chivomerezo chotere. Zili ngati kusumira munthu, koma lamulo likuti samani igwira ntchito pokhapokha iye mwini atavomera kuilandira.

Musaganize kuti khotilo ndi la chabe. Botswana ndi Namibia ankalimbirana kachilumba ka mu mtsinje wa Chobe, kamene ena amati Kasikili, ena amati Sedudu. Asilikali anali atayamba kale kuyang'anizana. Mayiko awiriwo anagwirizana kupita ku The Hague, ndipo mu Disembala 1999 khoti linawerenga pangano lomwe lija la 1890, lomweli la Heligoland, n'kugamula kuti chilumbacho ndi cha Botswana. Namibia anavomera. Khotilo linanenanso kuti mabwato ndi anthu a mayiko onse awiri aziyenda mofanana m'madzi ozungulira chilumbacho. Palibe mwana wa munthu amene anafera kachilumba kameneko. Ntchito ya mabungwewa ndi imeneyo.

Pamwamba pa SADC pali African Union, imene inayamba mu 1963 ku Addis Ababa ngati OAU, n'kusintha dzina mu 2002. Ili ndi mamembala 55, ndipo mu 2010 wapampando wake anali Bingu wa Mutharika. Pamwamba penipeni pali United Nations, imene inakhazikitsidwa pa 24 Okutobala 1945, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itangotha. Inayamba ndi mayiko 51. Ife tinalowa pa 1 Disembala 1964, tsiku limodzi ndi Zambia.

Mu UN muli zipinda ziwiri zimene ndikufuna muzidziwe. China ndi General Assembly, msonkhano waukulu wa ku New York, kumene dziko lililonse lili ndi voti imodzi. Mmenemo dzanja la Malawi ndi dzanja la China amaliwerenga mofanana. Koma zambiri zimene amagwirizana mmenemo ndi malangizo chabe, sizikakamiza munthu. Chipinda china ndi Security Council, choona za mtendere ndi chitetezo. Chimenechi ndiye chili ndi mano: chikhoza kutumiza asilikali kapena kulamula kuti dziko lina lisalidwe pa malonda. Muli mayiko 15. Khumi amasankhidwa kwa zaka ziwiriziwiri, koma asanu sachoka: America, Britain, France, Russia ndi China. Lililonse mwa asanuwa lili ndi mphamvu yotchedwa veto, kutanthauza kuti likangokana lokha, mfundo yagwa, ngakhale ena onse 14 avomere. Tangoganizani komiti ya pa doko mmene eni injini zazikulu asanu sachoka pa mpando, ndipo mmodzi akapukusa mutu nkhani yathera pomwepo. Africa ili ndi mayiko 54 mu UN koma ilibe mpando wokhazikika ngakhale umodzi. Kuyambira 2005 atsogoleri athu akhala akupempha mipando iwiri, koma mpaka pano sinaperekedwe.

Ndiye kodi UN ndi yachilungamo? Si kwenikweni. Kodi tingakhale bwino popanda iyo? Ayi ndithu. Kolera ija ya 2022 ndi 2023, imene inapha anthu opitirira 1,700 m'dziko muno ndipo kuno ku nyanja tinaika maliro ambiri, katemera wake anabwera kudzera ku WHO ndi UNICEF, nthambi za UN. Chimanga cha chithandizo nthawi ya njala nthawi zambiri chimadzera ku WFP. Othawa kwawo amene ali ku Dzaleka ku Dowa amathandizidwa ndi UNHCR. Ndipo dziko laling'ono ngati lathu, lopanda doko la nyanja ya mchere, lopanda asilikali ochuluka, chitetezo chake chachikulu ndi lamulo la UN loletsa dziko kulanda malo a linzake ndi mfuti. Lamulolo limaphwanyidwa, tikuona pa TV. Koma likanakhala kulibiretu, wa bwato limodzi akanadandaula kuti?

Chinthu chachitatu ndi akazembe. Makolo athu ankaidziwa ntchitoyi kalekale. Mfumu ikafuna kulankhula ndi mfumu inzake inkatuma nduna, ndipo mthenga sankaphedwa ngakhale uthenga wake uwawe bwanji. Mayiko analemba mwambo womwewo m'pangano la ku Vienna la 1961. Kazembe samangidwa ndi dziko limene akukhalamo, ndipo apolisi sangalowe mu ofesi yake popanda chilolezo chake. Ntchito yake ndi kuimira dziko lake, kukambirana m'malo mwa boma lake, kuteteza nzika zake zimene zili kumeneko, ndi kulembera kwawo malipoti a zimene akuona. Mbale wanu akataya pasipoti ku Johannesburg, kapena akamwalira n'kufunika mapepala obweretsera thupi kumudzi, ndi ku maofesi amenewa kumene mumagogoda. Pakati pa mayiko a Commonwealth, monga ife ndi Britain, Tanzania kapena Zambia, kazembe amatchedwa High Commissioner, koma ntchito ndi yomweyo.

Dziko lolandira silingamange kazembe, koma likhoza kumuuza kuti azipita, ndipo silikakamizidwa kupereka chifukwa. Izi zinachitika kuno mu Epulo 2011. Kazembe wa Britain, Fergus Cochrane-Dyet, analembera akuluakulu ake ku London lipoti lachinsinsi lodzudzula kalamulidwe ka pulezidenti Bingu. Lipotilo linatuluka mu nyuzipepala, boma linakwiya, n'kumuthamangitsa. Britain anabwezera pothamangitsa woimira Malawi ku London, ndipo mu Julayi anaimitsa ndalama zimene ankathandizira bajeti ya boma. Pa nthawiyo pafupifupi 40 peresenti ya bajeti yathu inkachokera kwa abwenzi akunja. Fodya sanagulidwe bwino chaka chimenecho, mgwirizano ndi IMF unali utasokonekera, ndalama zakunja zinasowa, mafuta anasowa. Ine ndinali mwana wa sukulu, koma ndikukumbukira boti la bambo anga litakhala pa mchenga masabata angapo, mwezi uli mumdima, nsomba zilipo, petulo kulibe. Alovi anabalalika, amayi ogula nsomba anakhala pa thandala popanda choyanika, ndipo fizi yanga ya teremu imeneyo inachedwa. Kalata inalembedwa ku Lilongwe kupita ku London, koma ululu wake unafika mpaka pa doko lino. Sindikuweruza kuti wolakwa anali ndani. Ndikungoti mawu a pakati pa maboma amafika m'mbale mwathu.

Popeza ndatchula IMF, ndinenepo pang'ono. IMF ndi World Bank anabadwira pa msonkhano wa ku Bretton Woods ku America mu 1944. World Bank imabwereketsa ndalama za chitukuko monga misewu, sukulu ndi ulimi wothirira. IMF imabwereketsa dziko limene lasowa ndalama zakunja, koma imabwera ndi mfundo zake. Kumeneko voti siili imodzi pa dziko. Imatengera kukula kwa chuma chimene dziko linaikamo, ndiye wolemera ndi amene mawu ake amalemera. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700, ndipo patangopita masiku IMF inavomereza ngongole ya madola 175 miliyoni. Inu amene munapita kukagula ukonde, pulagi ya injini kapena mafuta mwezi wotsatira, simukufunika kuti ndikufotokozereni chimene chinachitika.

Tibwerere kwa aneba athu a kumpoto. Mwina mwa zimene ndanenazi wina waganiza kuti Tanzania ndi mdani. Mverani izi. Mafuta ambiri amene timathira mu injini zathu amadzera pa doko la Dar es Salaam. Namondwe wa Freddy atasakaza kum'mwera mu Malichi 2023, Tanzania anatumiza asilikali, ndege za helikopita ndi chakudya. Mu 2025 tinakanganapo pa malonda: Malawi analetsa zinthu zina zaulimi zochokera kunja, Tanzania anabwezera mu Epulo potsekera katundu wathu, nthochi ndi tomato zinawolera pa Songwe, koma pasanathe masabata awiri nduna zinakhala pansi ku Dodoma n'kutsegula njira. Mtsinje wa Songwe womwewo, umene umasinthasintha njira n'kusiya munda wa munthu m'dziko lina, mayiko awiriwa anaupangira bungwe limodzi louyang'anira.

Ndipo pali nkhani ya Chancy Chitete. Anali msilikali wa Malawi, wa udindo wa private, m'gulu la UN losungitsa mtendere kum'mawa kwa Congo, kumene asilikali athu ankagwira ntchito limodzi ndi a Tanzania ndi a South Africa. Mu Novembala 2018, pafupi ndi Beni, anakumana ndi zigawenga za ADF. Chitete anaona msilikali wa Tanzania, Corporal Ali Khamis Omary, atavulala ndipo ali poyera pamene zipolopolo zinkagwa. Anapita kukamukoka n'kumufikitsa pobisika, ndipo akumupatsa chithandizo choyamba, iye mwini anawomberedwa n'kumwalira. Omary anapulumuka. Mu Meyi 2019, ku New York, mlembi wamkulu wa UN António Guterres anapereka kwa banja la Chitete mendulo ya Captain Mbaye Diagne, imene ndi ulemu wapamwamba kwambiri wa osungitsa mtendere. Maboma awiri akulimbirana mzere wa pa madzi, mnyamata wa ku Malawi anafera mnyamata wa ku Tanzania. Zonse ziwirizi ndi zoona pa nthawi imodzi. Ukazembe ndi luso logwira zonse ziwiri: kusagonja pa chimene ukukhulupirira kuti ndi chako, koma osatseka njira yopita kwa neba amene mawa udzamufuna. Paja amati mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako.

Nanga nkhondo ikanabuka mu 2012, akanavutika ndani? Funsani agogo anu za nkhondo ya ku Mozambique. Anthu opitirira miliyoni imodzi anathawira kuno, njanji za ku Beira ndi ku Nacala zinatsekeka, katundu wathu ankazungulira mtunda wautali ndipo mitengo inakwera. Nkhondoyo inatenga zaka 16, ndipo sinathe ndi mfuti. Inathera pa tebulo ku Rome pa 4 Okutobala 1992, pamene Chissano yemwe uja ndi Afonso Dhlakama anasainirana, amkhalapakati ena ali anthu a mpingo. Nkhondo ya pa nyanja ikanayamba, oyamba kuletsedwa kulowa m'madzi ndi asodzi, ndipo oyamba kutumizidwa kutsogolo ndi achinyamata a msinkhu wanu, amene amaphunzira usilikali kuno ku Salima konkuno. Ndiye wina akamanena kuti zokambirana zikuchedwa, akunena zoona, koma kuchedwa kumeneko kulibe manda.

Tsono ife tichite chiyani? Ndili ndi zopempha zisanu, kenako ndikhala pansi.

Choyamba, samalani zala zanu. Nkhani ya nyanja ikangotuluka pa Facebook, mumaona ndemanga zotukwana mtundu wonse wa anthu, zithunzi zakale za asilikali zonamiziridwa kuti ndi za dzulo, mauthenga a pa WhatsApp oti nkhondo yayamba. Musanatumize, funsani kuti wanena ndani, liti, ndipo wayilesi kapena nyuzipepala yodziwika yanenapo? Kutsidyako alinso ndi mafoni, amawerenga, ndipo abale athu amene amachita geni ku Kyela ndi ku Mbeya ndi amene amayamba kulawa mkwiyowo.

Chachiwiri, mukamawoloka malire, pa madzi kapena pa mtunda, khalani ndi mapepala. Kazembe amavutika kuthandiza munthu amene sangaonetse kuti ndi nzika. Amene mukulota za ku Joni kapena ntchito za ku mayiko a Aluya, musapereke pasipoti yanu kwa munthu kuti akusungireni, ndipo dziwani kumene kuli ofesi ya Malawi yapafupi musananyamuke.

Chachitatu, phunzirani zilankhulo. Ambiri a inu mumalankhula kale Chichewa ndi Chiyao, ena Chitonga. Onjezerani Chiswahili, Chipwitikizi kapena Chifalansa, ndipo Chingerezi chanu chikhale chakuthwa. History, Geography ndi Social Studies musazitenge ngati maphunziro ongodzazira satifiketi. Ku unduna woona za ubale ndi mayiko akunja, ku SADC, ku COMESA ku Lusaka, amalemba anthu ntchito, ndipo palibe lamulo loti mwana wa msodzi, mtsikana kapena mnyamata, sangakhale pa mipando imeneyo. Ndani angalankhulire nyanja bwino kuposa amene amadziwa mwera ukamayamba?

Chachinayi, funsani mafunso. Phungu wathu akabwera, pambali pa za mlatho ndi mjigo, mufunseninso kuti nkhani ya malire a pa nyanja ili pati, ndipo ngongole zimene Nyumba ya Malamulo ikuvomereza adzabweza ndani. Yankho la funso lachiwirilo ndi inuyo.

Chachisanu, sungani nyanja. N'zochititsa manyazi kukuwa kuti nyanja yonse ndi yathu kwinaku tikukokera neti ya udzudzu m'malo oswanirana nsomba. Nsomba siidziwa za 1890 kapena 1954. Usipa umene wasowa kuno wasowanso ku Metangula. Tsiku lina mayiko atatuwa adzayenera kugwirizana pa nyengo yotseka, maukonde ololedwa ndi zoyenera kuchita mafuta akatayikira m'madzi, kaya mzere udutsa pati. Tsiku limenelo adzafuna chitsanzo cha malo amene anthu osiyana mitundu ndi zipembedzo anasunga lamulo limodzi kwa zaka pafupifupi 70. Chitsanzocho chili apo, chikuoneka tikaima pa mchenga. Nkhanga zinapangana kusanapse.

A tcheyamani andiuza kuti mwezi wamawa kudzakhala mtsutso. Ndikupempha kuti tidzauchite motere: gulu lina lidzakhale Malawi, lina Tanzania, lina Mozambique, ndipo atatu adzakhale amkhalapakati. Amene mukuwa kwambiri kuti nyanja ndi yathu, inuyo ndi amene mudzaimire Tanzania, kuti mudzalawe kulemera kwa mfundo za mnzanu. Lamulo ndi limodzi: palibe kutuluka m'chipinda musanalembe mfundo zitatu zimene nonse mwagwirizana. Ine ndidzabwera ndi mapu, a tcheyamani adzabwere ndi thobwa.

Ngati pali mafunso ndilipo, ndipo ndaona kuti palibe amene wagona, ndiye a tcheyamani, nsima ija ndiidya.